Mutu 6: Matimati Osafanana

1. Dimba lasokonezeka

Matimati a m'dimba la kilabu ya amayi a ku Zingalume anayamba kupsa sabata yachiwiri ya Ogasiti. Lachiwiri m'mawa amayi khumi ndi awiri anatsikira kudambo ndi madengu, koma palibe amene anathyola. Onse anangoima m'mizere, manja ali m'chiuno.

Chaka chatha dimba lomweli linawasangalatsa kwambiri. Mbewu yake inachokera kwa akatswiri ofufuza za mbewu ku Chipata, amene ankayesa mtundu watsopano wa matimati m'midzi ingapo. Zipatso zake zinali zofanana ngati mazira a nkhuku imodzi. Zinali zolimba, zotsekemera, ndipo zinkayenda pa ngolo mpaka ku boma la Chadiza osaphwanyika.

Chaka chino zinali zina. Mtengo uwu unabereka matimati ataliatali, woyandikana nawo ang'onoang'ono ngati nthudza. Ena anali ong'aluka pamutu. Ena anali olimba gwa koma osakoma, ena otsekemera koma ongophwanyika ukawagwira.

"Iyi si mbewu ya chaka chatha," anatero a Lefina, wapampando wa kilabu. "Alangizi atidyera masuku pamutu. Mbewu yeniyeni anagulitsa, ife n'kutipatsa zinyalala."

"Ine ndinadabwa tsiku lomwelo," anayankha a Mailesi, amene ankasamala nazale ya kilabu. "Chaka chatha mbewu inabwera mu envulopu yomata, yolembedwa nambala. Chaka chino inabwera yokulunga m'pepala la m'kope. Si choncho, Tionge? Ndiwe unakatenga."

Tionge anali mwana wa a Mailesi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ankaphunzira giredi 10, ndipo pa holide ankathandiza amayi ake kuthirira. Apa n'kuti atanyamula ndowa pamutu.

"Ndi choncho, amayi," anayankha motsitsa mawu.

"Basi tamva," anatero a Lefina. "Lachisanu kukubwera dokotala wa mbewu uja wochokera ku Chipata. Tilembe kalata yodandaula za a Dominic. Tikaiwerenge pamaso pake, kenako ipite ku ofesi ya zaulimi ku boma. Munthu wotere asakhalenso mlangizi kuno."

Amayi onse anavomereza. Kenako a Lefina anatembenuka.

"Iwe Tionge, Chingerezi umachidziwa. Kalatayo ulembe ndiwe."

2. Zimene zinachitika pamtsinje

Nkhani yeniyeni inali yotere.

M'mwezi wa Epulo amayi anamutuma Tionge ku Zemba, kunyumba kwa alangizi a zaulimi, a Dominic Miti, kukatenga mbewu. A Dominic anamupatsa envulopu yofiirira, yomata bwino.

"Usaitsegule, komanso isanyowe," anamuuza. "Mbewu imeneyi ndi yowerengeka. Palibe ina."

Tionge anaika envulopu ija m'kadengu ka kutsogolo kwa njinga. Pobwerera anafika pa kamtsinje kamene madzi ake anali akadali olekeza m'mawondo. Amayi ake ankamuuza nthawi zonse kuti pamenepo azitsika n'kukankha njinga. Koma tsiku limenelo kutsidya kunali atsikana anzake akuchapa, ndipo iye anafuna kuwaonetsa kuti akhoza kuwoloka atakwera.

Tayala lakutsogolo linagunda mwala. Tionge anagwera m'madzi, njinga pamwamba pake. Anzake aja anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo palibe amene anaona envulopu ikuyandama kulowera m'bango.

Anaifunafuna mpaka dzuwa kupendeka. Sanaipeze.

Kunyumba anali ndi kabotolo ka njere zimene anafinya yekha m'matimati a chaka chatha, n'kuziyanika pa saka. Ankafuna kudzabzala m'kadimba kake. Anaganiza kuti palibe vuto: mwana wa mbuzi ndi mbuzi, ndiye mwana wa matimati abwino akhalanso wabwino. Anang'amba pepala m'kope la masamu, n'kukulunga njere zija, n'kupereka kwa amayi ake.

Njere zinamera bwino. Mitengo inakula yobiriwira. Kwa miyezi inayi Tionge ankayesa kuti nkhani inapita ndi madzi.

3. Mawu a munthu mmodzi

Lachitatu a Dominic anafika padimba pa njinga yamoto, atamva mphekesera. Anapereka moni, koma amayi anayankha ndi mphuno. Anayenda m'mizere akugwira zipatso, nkhope itagwa.

"Amayi, inenso sindikumvetsa," anatero. "Madimba ena onse amene ndikuyang'anira abereka ngati chaka chatha."

"Chifukwa kumeneko munapereka mbewu yeniyeni," anawadula mawu a Lefina. "Ife munationa opusa, n'kutikulungira m'pepala la m'kope."

"Pepala la m'kope? Ine ndinapereka envulopu yomata." A Dominic anayang'ana uku ndi uku mpaka anamuona Tionge pachitsime. "Tionge, si iwe ndinakupatsa envulopu yofiirira?"

Maso onse anali pa iye. Chingwe cha ndowa chinamuterereka m'manja.

"Sindikukumbuka," anatero.

"Musamuopseze mwana," analowererapo a Mailesi. "Mwana wangayu ndinamulera ndekha ndipo ndimamudziwa. Akhoza kuswa mbale, akhoza kupsereza ndiwo, koma sanama."

A Dominic anamuyang'ana Tionge kwa kanthawi. Analiza njinga yawo n'kumapita.

Masana a tsiku lomwelo Tionge anakhala pakhonde ndi cholembera. A Lefina ankanena mawu, iye n'kumasandutsa Chingerezi. Kalata inati a Dominic Miti anagulitsa mbewu ya kafukufuku, ananamiza amayi osauka, ndipo sayenera kukhalanso pa ntchito. Amayi asanu ndi awiri anasaina. Asanu anadinda chala.

"Dzanja lako ndi lokongola," anamuyamikira a Lefina. "Usunge ndiwe. Lachisanu udzawerenge ndiwe."

4. Pa ngolo ya a Andreya

Lachinayi amayi ake anamutuma kuti aperekeze ngolo yonyamula nsungwi zochirikizira matimati. Ngoloyo inali ya a Andreya, bambo wachikulire wa imvi mutu wonse, amene ankanyamulira anthu katundu m'midzi yonse ya kumeneko. Ng'ombe zawo zinali ziwiri, Koloboyi ndi Maliketi.

Atafika pa kamtsinje kaja, kamene tsopano kanali mchenga wokhawokha, a Andreya anaimitsa ngolo.

"Hooo, Maliketi! Tipumeko pang'ono."

Anatsika, n'kukhala pamwala. Kenako analoza bango louma ndi chikwapu.

"Tsiku lija la Epulo ine ndinali apo, ndikumwetsa ng'ombe. Ndinakuona ukugwa. Anzako atapita, ndinakuona ukufunafuna m'bangomu mpaka dzuwa kupendeka. Sindinadziwe chimene unataya. Ndadziwa dzulo, akazi anga atandiuza za pepala la m'kope."

Tionge anagwiritsitsa nsungwi.

"Usanjenjemere, sindine wapolisi. Khala apa ndikuuze kanthu kamene ngakhale ana anga sadziwa bwinobwino.

"Ndili mnyamata wa zaka makumi awiri ndinkagwira ganyu pamsika wa thonje. Tsiku lina masana ndinabisala kuseri kwa shedi n'kumasuta fodya. Kapitawo atandiitana, ndinataya chotsalira osazimitsa. Shedi inapsa, thonje la midzi itatu linapita. Mlonda wa pamenepo anali a Lenard, bambo wa ana anayi. Iwonso ankasuta, anthu onse ankadziwa. Ndiye chala chinaloza iwo.

"Pamlandu anandifunsa kuti, 'Andreya, unaona chiyani?' Ine ndinati, 'Sindinaone kanthu.' Mawu awiri okha. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinkadziuza kuti sindinanamizire aliyense. Koma a Lenard anachotsedwa ntchito. Akazi awo sankathanso kupita kuchitsime osanyozedwa. Mvula isanagwe anasamuka, anawolokera ku Mozambique. Ine ndinati mawa ndinena, mwezi wamawa ndinena. Pamene ndinkalimba mtima n'kukawafunafuna, ndinapeza manda.

"Mwanawe, akulu anati mlandu suola. Anthu amayesa kuti mawuwo amatanthauza kuti tsiku lina adzakugwira. Ine palibe anandigwira. Koma zaka makumi asanu zapita, ndipo ndikaona utsi wa thonje mtima umandisiya. Mlandu suolera m'kati mwa mwini wake.

"Kutaya envulopu ndi ngozi. Aliyense amagwa pa njinga. Kukulunga njere zina ndi mantha a mwana, tikhoza kukhululuka. Koma kalata uli nayoyo ndi chinthu china. Imeneyo ikapita ku boma, sudzaibweza. A Dominic ali ndi mkazi, ali ndi khanda. Dzina lawo ndilo khasu lawo. Ukalithyola adzalimira chiyani?"

Misozi inatsika m'masaya mwa Tionge.

"Agogo, amayi ananena pamaso pa anthu kuti ine sindinama. Ndikaulula adzayenda bwanji m'mudzi?"

"Adzachita manyazi sabata imodzi, mwina ziwiri. Ukapanda kuulula, iwe udzachita manyazi mpaka imvi ngati zangazi. Sankha wekha. Ine sindikanena kwa amako, kapena kwa wina aliyense. Mawu amenewa ndi ako."

Anaimirira n'kusasa fumbi pa thalauza.

"Tiyeni, Koloboyi! Nsungwi sizidziyendera zokha."

5. Tsiku la kalata

Lachisanu m'mawa galimoto yoyera inaima pamwamba pa dambo. Munatsika a Dominic ndi mayi wina wamfupi, wovala chipewa chachikulu ndi majombo. Amenewa anali Dokotala Nancy Mvula, mkulu wa kafukufuku wa matimati.

Asanakhale pansi anapempha kuona dimba. Anayenda mzere ndi mzere. Ankadula chipatso ndi kampeni, kulawa, kenako n'kufinyira madzi ake pa kachipangizo konga tochi koyezera shuga. Sanamwetulire ngakhale kamodzi. Pomaliza anaima n'kugwira chibwano.

Msonkhano unachitikira pansi pa mtengo wa mango. Amayi anakhala pa mphasa, alendo pa benchi. Atatha pemphero, a Lefina anaimirira.

"Adokotala, mwaona nokha. Ife tinalima, tinathirira, tinathira manyowa. Chatilakwira ndi mbewu. Madandaulo athu talemba. Tionge, imirira uwerenge."

Tionge anaimirira. Anatambasula kalata. A Dominic anali atazolika, chipewa chawo chili pa bondo.

Anayang'ana mzere woyamba. Kenako anapinda kalata ija.

"Sindiwerenga," anatero.

"Wati chiyani?" anafunsa a Lefina.

"Zimene zili m'kalatamu si zoona. A Dominic anandipatsa envulopu yomata. Ndinagwa nayo pamtsinje chifukwa sindinatsike pa njinga, ndipo inapita ndi madzi. Njere zimene ndinapereka kwa amayi ndinafinya ndekha m'matimati a chaka chatha. Ndinkayesa kuti ndi zomwezo. Lachitatu ndinanena kuti sindikukumbuka, koma ndinkakumbuka. Wolakwa ndine."

Amayi onse anatembenukira kwa a Dominic.

A Dominic anatulutsa mpweya wautali, n'kupukuta nkhope ndi manja onse awiri. A Mailesi anaphimba pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Woyamba kulankhula anali Dokotala Mvula.

"Mtsikana, bwera pafupi. Njere zonse zinachokera m'matimati a dimba lino a chaka chatha? Sunasakanize ndi za kumsika?"

"Ayi, adokotala. Za dimba lino zokha."

"Ukunenetsa?"

"Ndikunenetsa."

Dokotala Mvula anavula chipewa chawo n'kudzipepesera nacho mphepo. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu wolemera.

"Amayi, mundikhululukire. Sindikuseka tsoka lanu. Pamene ndimayenda m'mizeremu mtima unali m'mwamba. Ndimaganiza kuti mbewu inasokonekera kwathu komweko tisanaitumize. Zikanakhala choncho, ndikanakayikira madimba onse asanu ndi atatu, ndipo ntchito ya zaka zinayi ikanabwerera poyambira. Mwanayu wandimasula."

"Koma ife sitikumvetsa," anatero a Lefina. "Ngati njere zinachokera m'matimati abwino aja, zabereka bwanji zoterezi?"

"Ndifotokoze. Matimati a chaka chatha anali ana oyamba a makolo awiri osiyana. Bambo wake ndi mtundu wolimba, wosaola msanga, koma wosakoma. Mayi wake ndi phwetekere wamng'ono wotsekemera, koma wofewa. Tinatenga ufa wa duwa la uyu n'kuika pa duwa la uyo. Ana oyamba a ukwati wotere amabadwa ofanana, chifukwa aliyense amalandira gawo lofanana kwa bambo ndi kwa mayi. Koma zimene Tionge anabzala ndi zidzukulu. Amayi apampando, zidzukulu zanu zimafanana?"

"Zifanane kuti? Wina anatenga mphuno ya agogo ake aamuna, wina anatenga ulesi wa amalume ake."

Amayi anaseka koyamba tsiku limenelo.

"N'chimodzimodzi m'dimbamu. Chomera chilichonse chili ndi malangizo olembedwa m'kati mwake, ang'onoang'ono osaoneka ndi maso. Ife timawatcha majini."

"Majini!" anakuwa mayi wina kumbuyo, akubwerera m'mbuyo pa mphasa. "Tinkadya majini chaka chonse chatha?"

"Ayi, amayi, si majini a ziwanda," anayankha Dokotala Mvula akupukuta misozi ya kuseka. "Tingoti chibadwa. Ndicho chimauza chipatso kuti chikhale chachikulu kapena chaching'ono, cholimba kapena chofewa. Kwa zidzukulu chibadwa cha agogo awiri aja chimagawika mosiyanasiyana. Wina amatenga kulimba kokha, wina kutsekemera kokha, wina zoipa zonse ziwiri."

"Nanga phwetekere wathu wa m'mabwinja, bwanji timasunga njere chaka ndi chaka osasintha?" anafunsa a Lefina.

"Chifukwa iyeyo makolo ake ndi amodzimodzi kuyambira kale. Ameneyo sungani, musaope. Koma mbewu ya m'mapaketi imene yalembedwa kuti haibulidi, njere zake musabzalenso. Zikuchitirani zimene mwaonazi."

A Lefina anatenga kalata ija m'manja mwa Tionge. Anaiyang'ana, n'kuing'amba pakati, n'kuing'ambanso. Kenako anagwada pamaso pa a Dominic.

"Alangizi, tinakulakwirani. Tinathamangira kuweruza tisanafunse. Mutikhululukire."

"Dzukani, amayi, zatha," anatero a Dominic. "Masiku atatu awa chakudya sichimatsika kukhosi. Lero ndikadya."

6. Ntchito ya mitengo 180

Tsopano a Mailesi anaimirira, namuitana mwana wawo pamaso pa onse.

"Tionge, tamvera. Lachitatu ndinakuikira kumbuyo pamaso pa amayi anzangawa. Ndinanyoza munthu wosalakwa chifukwa chokhulupirira iwe. Manyazi amenewo ndi anga, ndiwasenza. Koma udziwe ichi. Ukanabwera tsiku lija ndi zovala zonyowa n'kunena kuti, 'Amayi, ndataya mbewu,' ndikanakukalipira mpaka madzulo, mawa lake tikanapita limodzi kwa alangizi kukapepesa. Ikanakhala nkhani ya tsiku limodzi. Iwe waisandutsa ya miyezi inayi, ya amayi khumi ndi awiri, ndi ya ntchito ya munthu. Cholakwa chikakhala chaching'ono uzichitulutsa chikadali chaching'ono. Ukachifundika chimakula ngati dzungu pansi pa masamba. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Pita ukagwade kumene kukuyenera."

Tionge anagwada pamaso pa a Dominic n'kupepesa. Iwo anamugwira paphewa.

"Lachitatu unandipweteka," anatero. "Lero wandibwezera dzina langa, anthu onse akuona. Akuluakulu ambiri sakanatha. Dzuka."

Atabwerera pa mphasa, amayi ake anamusunthira malo kuti akhale pafupi nawo. Sanamuyang'ane, koma dzanja lawo linali pa bondo lake.

Dokotala Mvula sanabise zimene zinatayika.

"Dimba lino chaka chino lachoka pa mayeso athu, ndipo inu amayi simupeza matimati ofanana opita nawo ku boma. Zimenezo sizibwerera. Koma sikuti zonse zapita. Bwerani muone."

Anawatsogolera ku mzere wachinayi, pa mtengo wina wa zipatso zozungulira, zofiira bwino. Anadula chimodzi n'kugawa tizidutswa. A Lefina anatafuna, n'kutukula nsidze.

"Ichi ndiye chaposa cha chaka chatha!"

"Finyani chinachi ndi chala." A Lefina anafinya, chipatso osabonyoka. "Mwaona? Mdzukulu uyu watenga zabwino za agogo onse awiri. Mwa mitengo yonseyi ndapeza inayi yotere. Cholinga chathu chachikulu n'chakuti tsiku lina mudzakhale ndi mtundu wolimba ndi wotsekemera umene njere zake mukhoza kusunga nokha. Kuti tifike pamenepo timafuna zidzukulu zambiri ngati izi, zokulira m'nthaka ya alimi. Timadula kachidutswa ka tsamba pa mtengo uliwonse, n'kukawerenga chibadwa chake ndi makina. Tikayerekeza ndi zipatso zake, timadziwa kuti kutsekemera kwalembedwa pati, kulimba pati. Tikadziwa zimenezo tikhoza kusankha mbande zabwino zikadali pa nazale, osadikira kuti zibereke."

Anatembenukira kwa Tionge.

"Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, ndipo wayambitsa ndiwe. M'dimbamu muli mitengo 180. Uliwonse umangidwe nambala yake. Pa uliwonse ulembe kukula kwa zipatso, ngati zang'aluka, ndi masiku amene zikhala pa thandala zisanaole. Ukalakwitsa nambala, ulembe kuti walakwitsa. Kafukufuku amapirira zolakwa, koma bodza limamupha. Utha?"

"Nditha, adokotala."

"Holide yako yathera pompa," anatero a Lefina, ndipo amayi anasekanso.

Anayamba nthawi yomweyo. A Dominic ankadula timapepala ta pulasitiki, Tionge n'kumalemba manambala, amayi n'kumamanga ndi luzi. Dokotala Mvula ankadula masamba n'kumaika m'timabotolo. Wina anayambitsa nyimbo ya chigwirizano, enawo n'kulandira. Pofika masana anali atamaliza mizere itatu, ndipo madengu amene anabwerera opanda kanthu Lachiwiri anadzaza. Matimati osafanana ndi ndiwo ndithu.

Polongedza katundu m'galimoto, Dokotala Mvula anatulutsa kope lakale la chikuto chong'ambika.

"Amayi, pali chinthu china chimene mwina mungandithandize. Phwetekere wotsekemera uja, mayi wake wa mbewu yonseyi, anachokera m'boma lino lomwe. Amene anamutola zaka khumi ndi ziwiri zapitazo anapuma ntchito. Njere zimene tinasunga zakalamba, zikumera zochepa. Tikufuna tikapeze mwini wake, tikamupemphe zina, komanso tikamuuze zimene mbewu yake yachita. Koma m'kopemu analemba mawu ochepa." Anatsegula tsamba lina n'kuwerenga. "Amake Yoweli, ku Mlolo, kuseri kwa khola."

Amayi anayang'anana. Kenako onse anayang'ana a Mailesi, n'kuyang'ana pansi.

"Tifunsafunsa," anatero a Lefina mwachangu. "Muyende bwino, adokotala."

Galimoto itapita, Tionge ndi amayi ake anakwera chitunda kulowera kumudzi, aliyense dengu pamutu. Yoweli linali dzina la malemu atate ake a Tionge, amene anamwalira iye ali ndi zaka zisanu.

"Amayi," anayamba Tionge, "amake Yoweli a ku Mlolo aja..."

"Ndi agogo ako."

"Ali moyo?"

"Ali moyo. Pamaliro a atate ako tinalankhulana mawu oipa, iwo ndi ine. Chichokereni tsiku limenelo sindinapondeko pakhomo pawo, ndipo iwe sindinakutengereko."

Anafika pa mphambano. A Mailesi anaima, n'kukonza nkhata pamutu. Anayang'ana njira yolowera kum'mawa, ya ku Mlolo, kwa nthawi yaitali.

"Lero ndakuuza mawu ambiri pamaso pa anthu," anatero. "Pamene ndimalankhula, makutu anganso amamva."

Anayambanso kuyenda.

"Tikafika unditsukire chitenje chobiriwira chija. Usankhenso matimati khumi abwino a mu mzere wachinayi. Kwa apongozi sapita chimanjamanja."